Bango Lalifupi mu Shedi ya Lameki

Sunthirani kuno, nkhaniyi si yokamba mokweza. Lameki Kachipande amene ndikumunena pano ndine ndemwe, ndipo anthu a kwa Kanyatula akudziwa. Koma ndizimutchula ngati munthu wina, chifukwa pali zinthu zina pakamwa pamakana kunena kuti ndinachita ndine.

Chaka chimenecho fodya anamuyendera bwino Lameki, ndiye anamanga shedi yosungiramo zida. Osati chigafa cha udzu ngati cha anzake, ayi. Anazika mizati khumi ndi iwiri ya bulugamu, kumunsi kwake atapaka oyilo wakuda kuti chiswe chisayandikire. Pamwamba malata, m'mbali matabwa, kutsogolo chitseko chachikulu cha mbali ziwiri choti ngolo izilowa osakhula. Pansi anathira dothi la pachulu, kuwaza madzi, kutsindira ndi chipika masiku atatu mpaka panauma gwa. Simenti anati adzathira mvula ikadzatha.

Chimene ankanyadira kwambiri chinali khoma la kumbuyo. Ali mnyamata anagwirako ntchito pa esiteti ina ku Kasungu, kumene anaona kuti chida chilichonse chili ndi msomali wake, ndipo pathabwa ajambulapo chithunzi chake ndi penti woyera, kuti chikasowa, chithunzicho chizinena chokha. Nayenso anachita zomwezo. Piki pamsomali wake, mafosholo awiri, nkhwangwa, sowo, tcheni cha ng'ombe, magoli. Pulawo anaikhazika pakona, ngolo pakati.

Tsono zida zimenezo theka lake sizinali zake. Zinali za mkulu wake Elifala, wobadwa naye bere limodzi. Zaka zinayi m'mbuyomo Elifala anagwa kudimba, mbali ya kumanja n'kufa, mkono lende, mwendo wokoka. Lameki anapita kukamuona ndi mawu okoma. "Achimwene, zidazi akuberani muli chigonere. Ndikakusungireni." Kusunga kwake kunali komweko. Mlamu wake Nazimbiri, mkazi wa Elifala, anabwera kawiri kudzapempha pulawo kuti wina awalimire, ndipo kawiri konse anauzidwa kuti abwere mawa.

Elifala sankadziwa kulemba. Zida zake ankazizindikira ndi timizere titatu towotcha pampini ndi msomali wamoto. Lameki anapala timizereto ndi phale la botolo, n'kupaka mipini yonse penti wobiriwira. Koma pa piki ndi pa mafosholo moto unalowa kwambiri. Munthu akagwira, chala chinkamva.

Lachinayi madzulo anapachika chida chomaliza, anakhoma loko wamkulu, kiyi n'kuponya m'thumba. Lachisanu kusanache bwino kunamveka mfuu kumtunda kwa mudzi. Elifala anali atapita.

Kwathu kuno maliro akagwa, adzukulu, anthu okumba manda aja, amayenda khomo ndi khomo kutola makasu, mapiki ndi mafosholo, ndipo palibe amene amakana. Dzuwa litangotuluka anafika anayi pakhomo pa Lameki. Kutsogolo kunali mkulu wawo, a Chidzanja, munthu wamfupi wa mano awiri kutsogolo, amene pakamwa pake sipankaopa munthu.

"Odi kuno kwa bwana wa malata! Pepani ndi zovutazi. Tabwerera piki ndi mafosholo. Kumanda kwauma ngati mtima wa apongozi anga."

Anzawo anaseka pang'ono, monga amachitira adzukulu. Lameki sanaseke. Anayang'ana manja a a Chidzanja, manja amene anagwirapo piki ya Elifala pamaliro osawerengeka. Anadziwa kuti chala chimenecho chikangofika pampini, mudzi wonse umva dzuwa lisanafike pamutu.

"Kiyi wapita ndi mmisiri amene amakhoma chitseko," anatero. "Ali ku Mponela."

"Si nkhani. Yohane, tenga mwala uswe loko."

"Muswe cha yani? Shedi sinathe ndi sabata yomwe, muyambe kundilowetseramo dothi la kumanda?"

Nankhoma, mkazi wa Lameki, anali ataima pakhonde, chitenje chakumaliro ali nacho kale m'chiuno.

"Bambo a Esinati, apatseni anthuwa. Ndi achimwene anu."

"Iwe khala chete. Unamanga ndiwe?"

A Chidzanja anamuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, ndipo maso awo anaima pathumba la buluku pamene kiyi anatukumula nsalu. Analavula pansi.

"Tiyeni anyamata. Tikakumba ndi zikhadabo. Bwana akusunga penti."

Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Adzukulu anakumba ndi makasu akutha mpaka anafika pa lubwe, dothi lofiira la miyala lija, ndipo makasu anayamba kupindika. Anasiyira m'chiuno. Munthu wamkulu, wa ana asanu, anamuika m'dzenje lofika m'chiuno, pamwamba n'kuunjika minga ndi miyala kuopa afisi. Pobwerera kumanda, njira yonse palibe amene anayenda pafupi ndi Lameki.

Lolemba anatsegula shedi. Chithunzi choyera cha piki chinali chokha pakhoma. Pikiyo inali itatsamira mzati wapakati. Anati mwina anaiwala yekha, anaibwezera pamsomali.

Kenaka nkhuku, zimene zinkakonda mthunzi wa shedi kuyambira tsiku limene malata anakwera, zinasiya kupitako. Zinkaunjikana pansi pa nkhokwe, kukamwa yasa. Ng'ombe zake ziwiri pobwera ndi ngolo zinaima patali ndi chitseko, kuzimenya, kuzikoka, osasuntha, mpaka ngoloyo anaisiya panja. Lachitatu anapeza piki yatsikanso, ndipo pansi, pamene panayenera kukhala ngolo, panali mizere inayi yolembedwa ndi chinthu chakuthwa, iwiri yaitali, iwiri yaifupi. Anafufuta ndi phazi. Sanauze munthu.

Lachinayi masana, dzuwa lili paliwombo, Lameki anali pansi pa mtengo wa mango akusoka thumba. Nyenje zimene zinkalira chiyambire m'mawa zinangoti duu nthawi imodzi. M'shedi munamveka thi! Kenaka phokoso la chitsulo chokokedwa pansi, pang'onopang'ono, khwee. Kenaka kanthawi. Thi! Khwee.

Munthu wa manja awiri sakumba choncho. Amamenya, kuzula, kumenyanso.

Loko anali chikhomere. Lameki anatsegula chitseko. Munalibe munthu. Fumbi lokha linkayandama m'kuwala kolowera m'mipata ya matabwa. Piki inali gone pansi, ndipo ataigwira, mpini unali wofunda, wonyowa malo amodzi okha, pokwana dzanja limodzi. Pamene panali mizere paja panali patakumbika pofika m'kakolo. Koma dothi lotuluka m'menemo silinaoneke paliponse.

Anatuta dothi la pachulu ndi wilibala, kukwirira, kutsindira mpaka thukuta kamukamu. M'mawa mwake dothi lakelo kunalibe, ndipo dzenje linali litafika m'katumba. Anatenga piki n'kukaibisa m'nkhokwe, pansi pa chimanga. Masana phokoso linamvekanso m'shedi, ulendo uno la fosholo. Madzulo piki anaipeza pamsomali wake, ili ndi dothi kumano.

Sabata imeneyo Nankhoma anayamba kudandaula mutu. Kenaka kuzizidwa, kufunda bulangete masana anthu akusowa pobisala dzuwa. Lameki anamukweza panjinga kupita naye kuchipatala. Anamuyeza magazi, malungo mulibe, anamupatsa timapiritsi n'kubwerera. Mkazi amene ankadzuka nkhuku zisanatsike anayamba kugona tsiku lonse, phala kulawa supuni ziwiri basi.

Tsiku lina chakumasana kunadutsa mlendo wogulitsa usipa panjinga, wochokera kutali, wosadziwa za m'mudzimo. Anaima kupempha madzi akumwa.

"Koma bambo, wantchito wanu uja ndi wamwano," anatero akupukuta pakamwa. "Ndamupatsa moni kawiri, osayankha."

"Ndilibe wantchito ine."

"Aa, uja ndakumana naye apa? Wamtali, wokoka mwendo, wasenza chidebe cha dothi paphewa la kumanzere. Wachokera kushedi kwanuku, walowera njira ya kumitengo uko."

Kumitengo kumene analoza kunali kumanda.

"Nkhope yake munaiona?" Lameki anafunsa.

Mlendoyo anaganiza, chikho chili m'manja. Nkhope yake yomwe inasintha. Anaika chikho pansi madzi asanathe, anakwera njinga, ndipo sanaitanirenso usipa mpaka anatuluka m'mudzi.

M'mawa mwake dzenje linali m'mawondo, ndipo m'mbali mwake munagona bango. Amene munaikapo maliro mukudziwa: adzukulu amadula bango, kuyeza nalo mtembo kuyambira kumutu mpaka kuchidendene, ndipo manda amakumba motsata bangolo. Limeneli linali laliwisi, lodulidwa kumene, chikhalirecho mabango onse kudambo anali atapsa ndi moto wa alenje. Kutalika kwake kunali chimodzimodzi ndi dzenje.

Lameki analiimika pambali pake. Linamulekeza pachibwano. Mtima unayamba watsika, chifukwa iye ndi wamtali, ndipo anati, basi si langa. Mulungu amukhululukire, anamwetulira. Kenaka kumwetulira kuja kunauma.

Analowa nalo m'nyumba. Nankhoma anali m'tulo pamphasa, atawongoka, manja m'mbali. Analigoneka pambali pake mwakachetechete. Kumutu linafika pamene tsitsi lathera. Kumapazi linafika pachidendene. Silinatsale, silinapitirire.

Tsiku lomwelo anatsitsa zida zonse za Elifala, anazikweza pangolo, anamanga ng'ombe, ulendo kumtunda kwa mudzi. Anapeza Nazimbiri atakhala pakhonde, mutu wometa, akusankha nyemba. Sanamupatse mpando.

"Alamu, ndabweza katundu wa achimwene."

"Katundu wake uti? Ine ndikuona wobiriwira. Wa amuna anga sanali wobiriwira."

"Ndinalakwa, alamu. Landirani. Nankhoma ali gone, sakudya."

"Amuna anga anagona zaka zinayi pamphasa iyo, akumva ng'ombe zikukoka pulawo yawo m'munda mwanu. Ankandifunsa kuti, Lameki wabweretsa? Ine n'kumati mawa, poti munandiphunzitsa ndinu." Anataya nyemba yofumbwa. "Lero mukuti ndilandire. Alime nazo ndani? Kawapatseni eni ake. Sali patali, munawaika pamwamba pomwe, mukangogogoda akumvani."

"Alamu, chonde. Mkazi wanga sanalakwe."

"Nankhoma ndimamukonda. Ankandibweretsera ufa mobisa, inu osadziwa. Koma si ine ndikukumba. Chotsani ngolo yanu, ikunditchingira mphepo."

Anapita kwa a Chidzanja. Anawapeza akusema mpini pansi pa mtengo, anyamata awo awiri ali pomwepo. Lameki, munthu wa malata, anagwada pafumbi n'kufotokoza zonse, timizere titatu, kiyi m'thumba, dzenje, bango.

"Za timizere timadziwa kale," anatero a Chidzanja osasiya kusema. "Mudzi wonse umadziwa. Mumayesa munabisa chiyani? Munangomuika mbale wanu ngati galu pofuna kubisa chinthu chimene ana omwe amaimba pamasewera."

"Ndilipira mbuzi. Ziwiri. Bwerani mudzaikemo thunthu la nthochi, monga mumachitira manda akakumbidwa munthu n'kusafa."

"Mwamva anyamata? Bwana akutiphunzitsa ntchito." Anyamatawo sanaseke. "Thunthu la nthochi timatsekera nalo manda amene takumba ife. Amenewo sitinakumbe ife. Ine kulowa m'dzenje la mwini wake, ndili ndi ana? Mbuzi zanu mudye nokha."

"Nanga nditani, a Chidzanja?"

"Mukundifunsa ine? Wokumba safunsa kuti manda ndi a yani. Amayang'ana bango basi. Chimene bango lanena, ndi chomwecho. Dzukani, mukundidetsera pabwalo."

Anabwerera ndi ngolo yake yodzaza. Pofika pakhomo anapeza mwana wawo Esinati, amene anakwatiwa kutsidya kwa dambo, wafika ndi kamwana kake kumbuyo, akulira pakhonde. "Ababa, amayi sakundizindikira. Akungoti, auzeni adikire, ndikubwera." Azimayi awiri oyandikana nawo anali atakhala kale m'nyumba, mwa kukhala kuja kumene azimayi amakhala akaona kuti zatsala pang'ono. Palibe amene anamulonjera.

Lameki analowa m'shedi, dzuwa litapendeka. Dzenje linali m'ntchafu tsopano, makona ake osalala bwino, ntchito ya munthu wosafulumira. Bango, limene m'mawa analisiya kuseri kwa nyumba, linali litabwerera pamalo pake.

Ukali unamugwira. Analitola, analiika pabondo kuti alithyole. Linayamba kulira, tswa, ndipo panja kamwana ka Esinati kanatsokomola. Lameki anayang'ana manja ake, anaona kutalika kwa chidutswa chimene chikanatsala kudzanja lamanja, msinkhu wa kamwana. Analimasula pang'onopang'ono ngati wanyamula dzira.

Anakhala pansi nthawi yaitali, bango lili pamiyendo. Kulitentha, phulusa lake likanayeza yani? Kulitaya, linkabwera lokha. Kulifupikitsa, ayi. Panatsala njira imodzi, ndipo anaiona msanga, kungoti anakhala akuyang'ana kumbali ngati sanaione. Ndikanakonda kunena kuti anadzuka nthawi yomweyo. Sanadzuke. Anayamba waganiza za ng'ombe zake, za fodya amene anali pa nazale, za simenti imene sanathire. Anaganizanso, ndipo ichi ndi chimene chimamuwotcha mpaka lero, kuti akazi ena alipo. Mpaka m'nyumba munamveka mawu a mmodzi wa azimayi aja akuyamba nyimbo ya kutchalitchi motsitsa.

Anapita pa mpanda wa bafa, anasolola bango louma, anadula chidutswa. Anatenga luzi, analinyowetsa m'kamwa. Anabwerera m'shedi, anavula nsapato, anagona chagada pambali pa dzenje, chidendene chili pamene bango layambira. Pansi pamene anatsindira yekha panali pozizira ngati mwala wa mumtsinje. Anayeza ndi dzanja pamwamba pa mutu wake, analumikiza chidutswa chija, anamanga mfundo zitatu zolimba. Anagonanso kuti aone. Linakwana.

Analankhula ali chigonere, maso ali kumalata.

"Achimwene, ndine Lameki. Zida ndinaba ndine. Kiyi anali m'thumba mwanga. Bango lanu linafupika, ndalikonza. Uyo musiyeni."

Palibe chimene chinayankha. Koma kumutu kwake, pafupi kwambiri, anamva mpweya wa munthu wotopa, wotuluka mbali imodzi ya kamwa, monga ankapumira Elifala zaka zinayi zija. Lameki sanatembenuke. Anatseka maso. Anamva bango likukokedwa pang'ono pambali pake, ngati munthu akuyesa ngati mfundo zagwira. Kenaka phee.

Anadzuka, anatuluka, chitseko anachisiya pululu.

M'mawa dzenje linali litatalika kumutu, pokwana chidutswa chija. Ndipo dzuwa lisanakwere, m'nyumba munamveka mawu a Nankhoma, ofooka koma aukali: "Esinati, phala ili mwathira mchere ngati mukuphikira ng'ombe? Ndipo azimayiwa akudikira chiyani m'nyumba mwanga?"

Papita zaka khumi ndi chimodzi. Chitseko cha shedi Lameki anachizula, loko anataya m'chimbudzi. Pulawo amalimira nayo munda wa Nazimbiri chaka chilichonse asanayambe wake, ndipo mayiyo mpaka lero samuyankha moni. Adzukulu amabwera kudzatenga zida osapempha, koma amatola za pafupi ndi khomo, piki ija saikhudza. Simenti sanathire. Ngolo imagona panja.

Wokumba uja sanasiye, anangochepetsa. Pena miyezi itatu kuli zii, kenaka tsiku lina masana nyenje zimangoti duu, thi, khwee, kamodzi kapena kawiri, basi. Chifukwa chake akuchedwa, Lameki sadziwa. Mwina ndi chifundo, mwina akufuna kuti naye adziwe kudikira mawa. Nankhoma anaona mfundo zitatu zija tsiku lina, anaziyang'ana nthawi yaitali, sanafunse kanthu, koma kuyambira pamenepo salola kuti mwamuna wake adye yekha.

Mwezi ukaoneka, Lameki amatsikira m'dzenjemo kukayeza ndi thupi lake. Linali m'chiuno, linafika pachifuwa, chaka chatha linali m'khosi. Adzukulu akwathu amaleka kukumba pamene munthu woimirira m'kati saonekanso kwa amene ali kunja.

Lamulungu lapitali anatsikiramo m'mawa, anaimirira chilili, msana wowongoka. Anamva mapazi a Nankhoma akubwera kudzamuitanira tiyi. Mayiyo anafika pakhomo pa shedi, anaima, anayang'ana m'kati monse.

"Kodi bambowa alowera kutinso?" anatero, n'kubwerera kunyumba.